Khomo la Alendo ndi Khomo la Kuchipinda

Mwezi uno titembenukire ku kanthu kamene kali m'thumba la pafupifupi banja lililonse kuno ku Tamanda ndi m'midzi yonse yozungulira Chipata, ndiko foni ya m'manja. Nkhani ya foni ndi nyanja, ndipo munthu sangaiwoloke pa tsamba limodzi. Tsono ife titapako chinthu chimodzi chokha chimene ambiri sitinachiganizirepo: khomo limene timalowera tikafuna kuona tsamba la pa intaneti, ndiponso chifukwa chake masamba ena sayenera kulowedwa pa khomo la masiku onse.

Khomo limeneli eni ake amalitcha browser, ndipo popeza m'chinenero chathu mulibe liwu lokhazikika, nafenso tilitchula motero. Ndi pulogalamu imene imakatenga tsamba kutali kumene lasungidwa nkudzalionetsa pa galasi la foni. Mayina ake mumawadziwa, ngakhale mwina simunadziwe kuti onsewo ndi a ntchito imodzi: Chrome ya kampani ya Google, imene inatuluka mu 2008, Firefox, ya mu 2004, Opera Mini, bwenzi lakale la osauka, Samsung Internet, ndi Phoenix, imene kawirikawiri timaipeza ili kale m'mafoni a Tecno, itel ndi Infinix amene adzaza m'masitolo a ku Chipata. Foni imodzi ingathe kukhala ndi ziwiri kapena zitatu, koma pakati pa izo pamakhala imodzi yoikidwa kuti ikhale ya nthawi zonse. Wina akakutumizirani linki, inu nkudinapo, foni sikufunsani kanthu. Imangothamangira ku browser yomweyo. Funso lathu nali: kodi anaisankha ndani? M'mabanja ambiri yankho lake ndi lakuti anaisankha wopanga foni, kapena mnyamata wa pa msika wa Kapata amene anatiikira zinthu tsiku logula, kapena mwana wa m'nyumba amene anadina pena pake akufuna nyimbo. Mwini foni, amene dzina lake ndi ndalama zake zimadutsa pa khomopo, sanafunsidwe.

Nkhani yosankhiridwa khomo si ya lero m'dziko lathu. Zambia inali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa mokwanira ku intaneti, mu 1994, kudzera ku Zamnet imene inabadwira pa University of Zambia ku Lusaka. Koma masiku amenewo inali nkhani ya ophunzira kwambiri ndi maofesi. Kwa anthu wamba khomo linatseguka ndi foni, ndipo ena a inu mukumbukira kuti mu Julayi 2014 kampani ya Facebook, mogwirizana ndi Airtel, inayambitsa kuno pulogalamu ya Internet.org, imene pambuyo pake inatchedwa Free Basics. Zambia ndilo linali dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kuilandira. Munthu ankatha kutsegula masamba angapo osankhidwa, monga Facebook yeniyeniyo, Wikipedia, za nyengo ndi za ntchito, popanda kulipira. Koma akangofuna kupitirira malire a masambawo, ndalama zinkayamba kudyedwa. Ku India boma linaletsa dongosolo lotere mu 2016, ponena kuti si bwino kampani imodzi kusankhira anthu zoti aone. Kwathu kuno tinalandira ndi manja awiri, ndipo sitinena kuti panalibe phindu. Komatu chizolowezi chimene chinatsalira ndi ichi: ambiri anaphunzira intaneti ngati nyumba ya khomo limodzi, lotsegulidwa ndi munthu wina.

Tsono taganizirani za foni ya pa banja monga momwe ilili m'midzi mwathu. M'mawa ili ndi bambo, akufunsa mtengo wa soya ndi mpendadzuwa. Masana mayi aitenga kuti amve za msonkhano wa Legio kapena wa bungwe la amayi. Madzulo mwana wa sitandade yapamwamba aibwereka ati alembe homuweki, kenaka mlamu wobwera kudzacheza apempha kuti aone za mpira, ndipo usiku imakagona pa golosale pamene pali sola, ikuchajidwa pamodzi ndi mafoni ena khumi. Onsewa amalowera pa browser imodzi. Chimene tiyenera kudziwa ndi chakuti browser siiwala msanga. Imasunga mndandanda wa masamba amene mwatsegula. Imasunga tizizindikiro timene masamba amasiya kuti akakuzindikireni mukabweranso, ndipo nchifukwa chake tsamba lina mukalitsegula kachiwiri silikufunsaninso dzina. Imapemphanso kusunga mawu anu achinsinsi olowera, ndipo ambiri timavomera chifukwa chotopa ndi kulemba. Kotero amene wagwira foni pambuyo panu wapeza chitseko chili pululu.

Zikanakhala kuti pa foni pamadutsa moni ndi zithunzi za ukwati zokha, bwenzi tikungoseka. Koma zinthu zasintha. Mu Epulo 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola ogwira ntchito kutapako magawo 20 pa 100 alionse a ndalama zawo za ku NAPSA kamodzi asanapume pa ntchito, malinga ngati anasonkha miyezi 60 kapena anafika zaka 45 zakubadwa. Njira yaikulu yopemphera inali pa intaneti, pa tsamba la eNAPSA, kumene munthu ankalembako nambala ya chitupa chake cha NRC, nambala ya foni ndi kumene ndalamazo zikalowe. Zotsatira za mayeso a Examinations Council of Zambia zimaonedwanso pa foni. Misonkho ya ZRA, mafomu a makoleji, mabanki, zonsezi zasamukira komweko. Ndiye kuti thukuta la zaka makumi awiri la mphunzitsi, namwino kapena mlonda likudutsa pa khomo lomwe lija limene mwana amalowera pofuna masewera, ndi limene uthenga uliwonse wosadziwika kochokera umatsegula.

Makolo athu, amene ambiri sanapite patali ndi sukulu, ankaidziwa bwino nkhani iyi. Bambo akakhala ku migodi ku Kitwe kapena ku Wankie, kalata ya moni ankapatsira aliyense wobwera kumudzi, ngakhale kondakitala wa basi. Koma ndalama ya msonkho kapena ya fizi ankapita nayo yekha ku positi ofesi, nailembetsa mwa rejisitala, nasunga risiti m'chikwama. Onse awiri anali makalata, koma sankayenda njira imodzi. Ngakhale nyumba zathu zimangidwa ndi nzeru yomweyo. Mlendo timamlandira pa khonde kapena pa balaza, timampatsa mpando ndi madzi, koma kuchipinda, kumene kuli chitupa, khadi la ubatizo ndi kandalama ka feteleza, salowako ngakhale akhale wokondedwa chotani. Palibe mlendo amene amakwiya nazo. Chimene tikupempha mwezi uno ndi chakuti mwambo womwewo ulowe mu foni: browser imodzi ikhale ya pa khonde, ya nkhani, mpira, nyimbo ndi malinki onse obwera ndi mphepo, ina ikhale ya kuchipinda, yotsegulira masamba owerengeka okha a ndalama, a boma ndi a sukulu. Popeza browser iliyonse ili ndi nkhokwe yakeyake ya zokumbukira, zimene mwalemba mu ina, inzakeyo sizidziwa.

Tiime pang'ono pa Opera Mini, chifukwa ndi imene ambiri kuno timaikonda, ndipo pali chifukwa chomveka. Inapangidwa ndi kampani ya ku Oslo m'dziko la Norway, ndipo inafalikira pa dziko lonse mu 2006, nthawi ya timafoni ta mabatani. Nzeru yake ndi iyi: mukapempha tsamba, pempho lanu silipita molunjika kwa mwini tsambalo. Limayamba lafika ku makompyuta akuluakulu a kampani ya Opera. Iwo amakatenga tsambalo, nalipeputsa, kuchepetsa zithunzi ndi kuchotsa zolemera, kenaka nkukutumizirani lopepukalo. Ndiye chifukwa chake bandulo yaing'ono imakhalitsa, ndipo tsamba limatseguka ngakhale pamene netiweki ili yofooka monga zimakhalira m'zigwa zathu zino za kufupi ndi malire. Pa ichi tiyenera kuyamika. Koma taonani tanthauzo lake. Zili ngati kale lija, pamene agogo osadziwa kuwerenga ankapita ndi kalata kwa mphunzitsi wa m'mudzi kuti awawerengere mwachidule. Mphunzitsiyo angakhale wokhulupirika ndithu, koma kalatayo waitsegula. Opera Mini ikaikidwa pa mlingo wopulumutsa bandulo kwambiri, umene pa foni walembedwa kuti Extreme, ngakhale tsamba lotetezedwa limamasulidwa pa makompyuta a kampaniyo lisanafike kwa inu. Sitikunena kuti kampaniyo imaba. Tikunena kuti pakati pa inu ndi banki yanu paima munthu wachitatu amene simunamuitane pa nkhaniyo.

Palinso vuto lina loonekeratu. Pakupeputsa paja, zina zimene zimayendetsa tsamba zimaduka. Mudzaona fomu yosaoneka mabokosi ena, batani lotumizira losayankha, kapena malo oikapo chithunzi cha chitupa osatseguka. Munthu amayesa kasanu, nkuganiza kuti tsamba la boma lafa, nkukwera njinga kapena galimoto mpaka ku Chipata kukafola, pamene chofunika chinali kungotsegula tsamba lomwelo mu Chrome kapena Firefox. Ndalama ya ulendo umenewo ikanagula mabandulo a mwezi wathunthu. Ndiye Opera Mini ikhale pa khonde, kumene imagwira ntchito yake bwino koposa, koma fomu iliyonse yofunika isadzere kumeneko.

Pali khomo linanso lobisika kwambiri, limene ambiri salidziwa kuti ndi khomo. Mukakhala pa Facebook nkudina linki, kawirikawiri simutuluka mu Facebook ai. Tsambalo limatsegukira m'kachipinda ka mkati mwa pulogalamu yomweyo, ndipo adiresi yake imaoneka pang'ono chabe pamwamba. Instagram ndi TikTok zimachitanso chimodzimodzi. Mu Ogasiti 2022 katswiri wina wa mapulogalamu, Felix Krause, anaonetsa kuti pa mafoni a iPhone tizipinda timeneti ta Facebook, Instagram ndi TikTok tinkalowetsa malangizo akeake m'masamba a eni, ndipo kuti ka TikTok kanali ndi kuthekera kotsatira zimene munthu akulemba. Makampaniwo anayankha kuti sagwiritsa ntchito zimenezo potola zinsinsi za anthu, ndipo katswiriyo sananene kuti wawagwira akuba. Tivomere choncho. Komabe munthu wanzeru sawerengera ndalama zake m'sitolo ya mwini pamaso pa mwini sitolo, ngakhale akhale mnzake. Pa ngodya ya kumwamba ya kachipinda kameneka pamakhala timadontho titatu; mukadinapo mudzapeza mawu okulolani kutsegula tsambalo mu browser yeniyeni. Ndi sitepe imodzi yokha, ndipo ndi yoyenera kuizolowera.

Tsopano tifike pa fisi weniweni. Palibe wa ife amene sanalandirepo uthenga wonena kuti boma likugawa ndalama kwa mabanja, kapena kuti kampani ya mafoni ikupereka bandulo yaulere pa chikondwerero chake, kapena kuti bungwe lakutilakuti likulemba anthu ntchito, ndipo pansi pake pali linki ndi lamulo lakuti tumizani kwa anzanu khumi. Chomvetsa chisoni nchakuti mauthenga otere amayenda kwambiri m'magulu athu a WhatsApp a kwaya, a mphakati ndi a parishi, chifukwa wotumiza amaganiza kuti akuchitira abale chifundo, ndipo wolandira amati poti wanditumizira ndi mkulu wa mpingo, sizingakhale zabodza. Tsamba limene limatseguka limavala bwino lomwe: mbendera ya dziko, chiombankhanga, mitundu ya kampani, zonse zili m'malo mwake. Kusiyana kuli pa adiresi yokha, mwina chilembo chimodzi chowonjezera, mwina mapeto achilendo. Masamba a maunduna a boma lathu amathera ndi gov.zm, ndipo adiresi yodzitcha ya boma koma yothera kwina iyenera kutidzidzimutsa. Ena anaphunzitsidwa kuti akaona kachithunzi ka loko pafupi ndi adiresi ndiye kuti zonse zili bwino. Ai ndithu. Lokoyo imangonena kuti pa njira palibe womvetsera. Sinena kanthu za khalidwe la amene mukulankhula naye, ndipo mbala nazonso zimakhala nayo. Anthu anasokonezeka nayo kwambiri kotero kuti mu 2023 a Google anaichotsa mu Chrome nkuikapo chizindikiro china.

Apa mpamene browser yachiwiri imathandiza koposa, ndipo thandizo lake lili m'lamulo limene mumadziikira: mu browser ya kuchipinda simulowa linki yotumizidwa ndi munthu, ngakhale atumize ndi bambo mfumu. Adiresi ya NAPSA, ya banki kapena ya koleji mumaitenga pa chikalata cha bungwelo kapena pa ofesi yawo, mumailemba nokha kamodzi mosamala, nkudina kanyenyezi kuti isungidwe. Kuyambira pamenepo mumalowera pa kanyenyeziko basi. Tsiku lina uthenga ukabwera wonena kuti akaunti yanu itsekedwa lero mukapanda kudina apa, simutsutsana nawo ndipo simuchita mantha. Mumautseka, nkukatsegula khomo lanu lodziwika, nkuona ngati kulidi nkhani. Ndipo tsamba lililonse limene latseguka pa khonde nkuyamba kufunsa nambala ya chitupa kapena pini, mumadziwiratu kuti lasokera khomo.

Mwina wina anganene kuti izi ndi zovutitsa, ndipo anthu a maiko otukuka sachita zotere. Amachita, ndipo ena anachita mokakamizidwa. Ku South Korea, kuyambira cha mu 1999, malamulo a chitetezo cha malonda a pa intaneti anachititsa kuti mabanki ndi maofesi a boma adalire njira imene inkagwira ntchito mu Internet Explorer ya kampani ya Microsoft yokha. Kwa zaka zambiri nzika za dziko lolemera limenelo zinkasunga browser yakaleyo chifukwa cha banki ndi msonkho, kwinaku zikugwiritsa ntchito ina pa zinthu zina zonse. Lamulo la ziphaso zokakamiza lija linathetsedwa mu Disembala 2020, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Internet Explorer pa 15 Juni 2022. Iwo anasankhiridwa khomo ndi lamulo, ndipo linali khomo lofumbwa. Ife tili ndi mwayi wosankha tokha.

Kachitidwe kake si kovuta. Pa foni ya Android, lowani mu Settings, kenaka Apps, kenaka Default apps, ndipo pa Browser app mudzaona dzina la imene ikulandira malinki onse. Mawu amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni, koma njira ndi yomweyo. Imeneyo ndiyo ya pa khonde, ndipo mungaisinthe ngati simukuifuna. Ya kuchipinda ikhale ina, monga Firefox kapena Chrome, ndipo isaikidwe kukhala ya nthawi zonse. Itengeni ku Play Store kokha. Tikudziwa kuti chizolowezi chathu ndi kupatsirana mapulogalamu kuchokera pa foni ina kupita pa ina pofuna kupulumutsa bandulo, koma pulogalamu yodutsa m'manja ambiri simudziwa chimene chalowamo pa njira. Pa nyimbo tingalekerere, pa khomo la ndalama ai. Ikapempha kukonzedwanso, musaikanize kwa miyezi, pakuti kukonzako ndiko kumata ming'alu imene akuba aitulukira. Ikafunsa ngati isunge mawu achinsinsi, pa foni ya banja yankho likhale lokana, ndipo mukatha ntchito tulukani pa tsambalo mwa dongosolo, osangotseka galasi. Mafoni ambiri a masiku ano alinso ndi njira yokhomera pulogalamu imodzi ndi nambala yakeyake.

Tisanamizane: khomo lachiwiri si mankhwala a matenda onse. Silingateteze munthu amene waimbiridwa foni ndi wodzitcha wa ku kampani, nkumuwerengera yekha pini kapena nambala ija imene imabwera pa uthenga. Palibe banki, kampani ya mafoni kapena ofesi ya boma imene imafunsa pini yanu pa foni. Nambala zimene zimatumiza mauthenga achinyengo mungazinene ku bungwe la ZICTA poimba *707#. Ndipo amene mumapita ku timaofesi ta makompyuta m'tauni kuti akulembereni mafomu, dziwani kuti kumeneko browser ndi ya mudzi wonse. Mawu achinsinsi lembani ndi zala zanu, kanani kuti asungidwe, ndipo musanyamuke pa mpando musanaone ndi maso anu kuti mwatulutsidwa pa tsambalo. Chimodzimodzi popereka foni kwa okonza.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene tsamba la banja la Chikatolika silingailumphe, ndipo mwina ena mwa azibambo amene mwawerenga mpaka pano mukumwetulira mwamseri mukuidziwa. Browser yachiwiri anthu ena anaitulukira kalekale, koma pa zifukwa zina. Muli mafoni m'midzi muno amene ali ndi khomo lobisidwa kuseri kwa mapulogalamu ena, lolowera ku njuga za mpira ndi ka ndege kaja kamene kauluka ndi ndalama za fodya ndi thonje za mabanja ambiri, kapena ku zithunzi zolaula, kapena ku macheza ndi munthu amene mkazi wa m'nyumba sayenera kumdziwa. Chida ndi chimodzi, koma ntchito ziwirizi ndi zotalikirana ngati kum'mawa ndi kumadzulo. Eklezia amadziwa kuti pali chinsinsi chabwino. Iye mwini amasunga chinsinsi cha m'kanyumba kolapira mpaka imfa. Chinsinsi chabwino chimateteza chinthu chamtengo kwa akunja. Chinsinsi choipa chimabisa chinthu chochititsa manyazi kwa a m'nyumba. Muyeso wake ndi wapafupi: kodi mkazi wanu, kapena mwamuna wanu, akudziwa kuti khomoli lilipo ndi chimene chili kuseri kwake? Kuchipinda mlendo salowa, koma ndi chipinda cha anthu awiri. Ndalama ya penshoni ndi ya banja, ndipo tawaona amayi amasiye akuzunzika miyezi chifukwa bambo anapita ndi manambala onse m'mutu. Tikulangiza kuti mwamuna ndi mkazi akhazikitse browser ya kuchipinda ali pamodzi, ndipo mayina a masamba ndi njira zolowera zilembedwe m'kabuku kosungidwa kumene kuli makadi a ubatizo ndi chikalata cha ukwati.

Kwa amene amadalira tsamba lakuda lija lotchedwa Incognito, tingonena mwachidule kuti limangofufuta mapazi pa foni yanu yokha. Kampani ya netiweki imaona kumene mwapita, mwini tsamba amakuonani, ndipo ndalama imene yatuluka siibwerera chifukwa mbiri yafufutidwa. Za Iye amene amaona zobisika sitichita kukukumbutsani. Munaphunzira pa katekisimu woyamba.

Nanga ana? Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Inter Mirifica chonena za zida zofalitsira mauthenga. Nthawi imeneyo abambo a msonkhanowo ankaganiza za nyuzipepala, wailesi, kanema ndi wailesi ya kanema, koma anaika pa mapewa a makolo udindo woyang'anira zimene zikulowa m'nyumba zawo. Udindo umenewo sunathe chifukwa chakuti chida chachepa nkulowa m'thumba. Eklezia sanaiope intaneti: Vatican inatsegula tsamba lake pa Khrisimasi ya 1995, ndipo pa 7 Seputembala 2025 Papa Leo XIV analengeza kuti Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndi woyera, mnyamatayu ankagwiritsa ntchito luso lake la kompyuta pofalitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Tsono sitikuuza makolo kuti abise foni pa denga. Tikuti khomo la pa khonde, limene ana amalowera, kholo lizilitsegula nthawi ndi nthawi pamaso pa anawo, lione kumene ayenda, lifunse modekha. Ndipo Phoenix kapena Opera Mini ikamakankhira pa galasi nkhani ndi zithunzi zimene simunapemphe, zina zosayenera maso a mwana, dziwani kuti zimenezo zimazimitsidwa mu Settings ya browser yomweyo.

Tikudziwa kuti m'mabanja ambiri mwana ndiye mphunzitsi pa zinthu izi, ndipo kholo limachita manyazi kufunsa. Manyaziwo ndi amene akutidyetsa kwa afisi. Tikupempha atsogoleri a miphakati kuti mwezi uno, pambuyo pa kugawana Mawu a Mulungu ndi zolengeza, apatule theka la ora. Achinyamata awiri kapena atatu odalirika akhale pansi ndi akuluakulu, banja ndi banja. Foni ikhale m'manja mwa mwini wake, wachinyamata azingoloza pofunika kudina, ndipo ikafika nthawi yolemba pini kapena mawu achinsinsi atembenuke ayang'ane kumbali. Amene alibe bandulo yokwanira kutsitsa browser yachiwiri angadikire tsiku lopita ku Chipata kapena kugwirizana ndi anzawo kugula bandulo imodzi nkugawana. Alembi a magulu a WhatsApp a parishi nawonso agwirizane ndi makomiti awo kuti linki iliyonse yolonjeza ndalama, ntchito kapena bandulo yaulere izichotsedwa m'gulu mpaka wina atakafunsa ku ofesi ya bungwe lotchulidwalo.